Phukusi la Apongozi mu Ndege ya Asilikali

Ndege ndinakwerapo kamodzi kokha m'moyo mwanga, ndipo ndinakwera nditavala buluku koma ndinatsika nditavala chitenje. Anthu a pa Milonde nkhaniyi amaidziwa, kungoti aliyense amaikamba m'mene akufunira. Ena amati ndinalodzedwa, ena amati mantha anandichititsa zomwe ana amachita pamphasa. Ndiye lero ndati ndiikambe ndekha mwini wake, mwina mwa onse ondisekawo mupezeka mmodzi wondimvera chisoni.

Ine ndine telala. Makina anga amakhala pakhonde la golosale ina pamsika, ndipo ndili pa chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Esinati, kuseri kwa Milonde, kufupi ndi mtsinje. Pa nkhani ya ulemu musandiyese. Apongozi anga, mayi ake a Esinati, ndi Alomwe akale aja osasintha, ndipo chikwatirireni mwana wawo ndinali ndisanawayang'anepo m'maso, ndisanalowepo m'nyumba mwawo, ndisanadyepo iwo akuona. Tikakumana panjira ine ndimalowa m'tchire (tsiku lina ndinalowa m'chitedze, koma imeneyo ndi nkhani ina). Akafuna kundiuza kanthu amatuma Esinati, ndipo akasowa womutuma amalankhula ndi mtengo wa mango wa pabwalo ine ndili pomwepo: "Wina akanawauza akamwini kuti denga la khola likudontha." Ine n'kuuyankha mtengo womwewo kuti ndamva. Anzanga amati ndimawonjeza, zimenezo zinatha kalekale. Ine ndinkanyadira nazo.

Pali chinanso choti mudziwe. Apongozi aamuna, bambo ake a Esinati, sindinawapeze. Anali mlonda ku esiteti ya tiyi, ndipo tsiku lina m'mawa anakwera phiri kukadula nsungwi, osabwereranso. Anthu anasakasaka, osapeza ngakhale chikwanje chawo. Maliro sanachitike, manda palibe, ndipo pamaso pa apongozi anga mawu oti malemu satchulidwa. Iwo amangoti, "Anapita kuphiri." Kwathu kuno munthu akanena choncho sufunsa zambiri, chifukwa tonse tinakula tikudziwa kuti phiri la Mulanje lili ndi eni ake.

Chaka cha namondwe uja, Esinati anapita ku Chitakale kukagulitsa nanazi, milatho n'kukokoloka iye ali tsidya lomwelo. Ife madzi anatipeza pakhomo. Nyumba ya apongozi inagwa, khoma n'kuwaphwanya mwendo, ndipo tinawanyamula pachitseko mpaka kusukulu komwe mudzi wonse unathawira. Ine ndinapulumutsa mutu wa makina, womwe ndimabwera nawo kunyumba madzulo, ndi buluku lomwe linali m'thupi, la mtundu wa phulusa, losoka ndekha ndi nsalu yokagula ku Limbe. Buluku limenelo linali chikwangwani changa. Anthu ankaliona kutchalitchi Lamulungu, Lolemba n'kubwera ndi nsalu zawo. Apongozi anapulumutsa chinthu chimodzi chokha, phukusi lomanga ndi chitenje chakale, ndipo kusukulu kuja ankalitsamira usana ndi usiku. Esinati anandiuzapo kale kuti mayi ake ali ndi tinthu ta bambo tomwe salola munthu kukhudza. Ndinangodziwa kuti ndi tomweto.

Mwendo unatupa, unayamba kuda, kenako unayamba kutulutsa kafungo. Mlangizi wa zaumoyo yemwe anatsekeredwa nafe limodzi anauyang'ana, n'kundikokera pambali. Anati akapanda kufika kuchipatala cha pa boma msanga, mwendowo audula, ndipo mwina osati mwendo wokha ungapite. Choncho ndege ya asilikali, helikopita ija ya zikupizo pamwamba, itatera pabwalo la mpira la pasukulu, apongozi anali m'gulu la oyamba. Wodwala aliyense ankafunika gadiyani mmodzi. Amayi a m'mudzi aliyense anali ndi ana ake ndi ovulala ake. Maso onse anagwera pa mkamwini.

Tisanakwere, sajeni wina wamtali, wa mawu osakweza koma omveka mpaka kumapeto kwa bwalo, anatindandalika pamzere.

"Tamverani bwino nonse," anatero. "Mu ndege iyi simulowa palafini, petulo, machesi, laita, batire ya sola, gasi, mankhwala opopera mbewu, ngakhale kachasu. Kumwambaku moto ukabuka kulibe kothawira. Katundu wotere ife timamunyamula ulendo wakewake, ali m'zotengera zake, osati pamodzi ndi odwala. Amene ali nacho atulutse panopa, sindimukalipira. Amene ndimupeze nacho ndekha, ndimusiya pomwe ndamupezerapo."

Anthu anayamba kupisa m'matumba. Machesi anaunjikana pansi. Bambo wina anali atasenza batire pamutu, anabwezedwa akutukwana chamumtima. Pafupi ndi ine panali a Jailosi, mkulu yemwe anakalambira pa Likhubula akunyamulira alendo katundu wokwera naye phiri, ndipo tsopano ankakhala kwa mwana wake m'mudzi mwathu. Mwala unawatswanya dzanja. Iwo anapereka kabotolo komwe anati ndi mankhwala a chifuwa. Sajeni anakanunkhiza, n'kukathira pansi, a Jailosi akuyang'ana ngati akuika maliro.

Pamenepo n'kuti apongozi ali pamachira. Anatembenuzira nkhope ku mtengo wa golo, n'kulankhula nawo.

"Wina awauze akamwini anyamule phukusili pamiyendo. Asaliike pansi, asaligwedeze, asalimasule."

Ndinauyankha mtengo wa golo uja kuti ndamva. Ndinalinyamula ndi manja awiri. Linali lolemera kuposa m'mene linkaonekera.

Sajeni ankatsegula chikwama chilichonse, koma atafika pa ine woyendetsa ndege anayamba kumukodola ndi dzanja akuloza kuphiri, komwe nkhungu inali itayamba kutsika. Ndiye m'malo momasula anangofunsa.

"Muli chiyani umu?"

Ndinayang'ana mtengo wa golo, sunandithandize. Abale anga, tandiuzani inu. Ndikanawafunsa bwanji apongozi kuti mwaikamo chiyani? Ndikanalimasula bwanji phukusi lawo pamaso pa mudzi wonse, mwina muli zovala zam'kati, mwina muli zina zoti mkamwini akaziona maso amachita khungu?

"Zovala basi, bwana."

"Mwamanga nokha?"

"Ndi manja anga awiriwa."

(Bodzalo linatuluka mosalala ngati ulusi watsopano, mpaka ndinadzidabwa.)

Tikuyenda chowerama kupita kukhomo la ndege, a Jailosi anandinong'oneza. "Amwene, tidutsa m'mphepete mwa phiri, ndipo eni ake masiku ano ndi okwiya, mwaona nokha m'mene Napolo wadutsira. Mukaona chachilendo musaloze. Mukamva chachilendo musanene. Ine phirili ndalikwera mpaka tsitsi kutha, ndipo ndili moyo chifukwa chotseka pakamwa."

Tinanyamuka. Phokoso la m'menemo silolankhulana, munthu umamva mano ako akugundana. Anandikhazika pampando wa nsalu moyang'anizana ndi machira a apongozi, moti kuti ndisawayang'ane ndinkayenera kupotoza khosi n'kumayang'ana pazenera. Zomwe ndinaona pansi sindizikonda kuzikamba. Pomwe ndinkadziwa kuti pali midzi panali matope osalala. Phiri linali ndi mabala aataliatali, ofiira, kuchokera pamwamba mpaka m'minda ya tiyi. Kenako nkhungu inatimeza, pazenera n'kungoti mbuu, osaonanso kumwamba kapena pansi.

Apo m'pamene phukusi linayamba.

Poyamba ndinangomva kuti likulimba. Chinthu china m'katimo chinkakula pang'onopang'ono, chikundikankha pamimba. Ndinadziuza kuti ndi kugwedezeka kwa ndege. Ndinachisisita ndi chala pamwamba pa nsalu, chinali chozungulira, chothina, ndipo chinkanjenjemera pachokha. Ndinachotsa chalacho msanga.

Kenako chinandipumira. Sindikuwonjeza. Padzanja langa lamanja, pomwe panali mfundo ya phukusi, panadutsa kampweya kozizira, n'kusiya, n'kudutsanso, ngati munthu wogona. Kampweyako kanali ndi fungo lowawasa, la munthu amene dzulo lake anali pa masese. Ndipo ine ndinamvapo Esinati akunena kuti bambo ake masese sankawadutsa. Tsitsi langa linaima. Ndinakumbukira kuti tili m'mbali mwa phiri lomwelo, mwina pamwamba penipeni pa njira yomwe anakwerera m'mawa uja, ine nditakumbatira tinthu tawo. Ndinayang'ana a Jailosi. Iwo anali atatsinzina, milomo ikuyenda. Mukamva chachilendo musanene. Ndinatseka pakamwa.

Chachitatu n'chomwe chinandimaliza. Ndinamva kuzizira pantchafu. Kunayambira pakati, kukufalikira mbali zonse, kukutsikira m'mawondo. Ndinazindikira nthawi yomweyo chomwe chachitika, kapena ndinene kuti ndinaganiza kuti ndazindikira. Munthu wamkulu, bambo wa ana, wamakomiti kutchalitchi, mantha andimasula pamaso pa apongozi. Sindinamve n'komwe pomwe zinayambira, koma anthu amati mantha enieni amatero. Manyazi anandigwira mpaka kuiwala za mzimu. Ndinalikanikiza phukusi lija pamiyendo mwamphamvu kuti libise, ndipo ndikamalikanikiza m'pamenenso kuzizira kuja kunkawonjezeka.

Sajeni anatukula mutu. Mphuno zake zinayamba kugwira ntchito. Anamasula lamba, anagwada, akununkhiza pansi, m'makoma, kudenga. Ine mtima unali phaphapha, ndikuti basi wamva. Koma sanandiyang'ane n'komwe. Analankhula mofulumira m'kachipangizo ka pakamwa pake, ndipo nkhope yake, yomwe sinasinthe ngakhale poona mwendo wa apongozi, inasintha. Ndege inapendekeka, tinayamba kutsika.

Fungo la palafini ndinalimva, sindikana. Koma ndege yonseyo chiterereni kusukulu kuja inkanunkha ngati koloboyi wamkulu, ndiye sindinaliganizire. Ndinadziwa pambuyo pake kuti ndege zoterezi zimamwa mafuta apachibale ndi palafini wathu yemweyu, ndipo msilikali akamva fungo limenelo m'kati momwe mwakhala anthu, chomwe amaganiza n'choti paipi yaphulika.

Tinatera pa kabwalo ka mpira ka esiteti ina, m'tsinde mwenimweni mwa phiri. Anatitulutsa mothamanga, odwala ndi machira awo, kutiimika patali. Injini inazima, zikupizo zinazungulira mwaulesi mpaka kuima.

Bata la pamalo pamenepo sindidzaliiwala. Nyumba za antchito zinali pamzere, zitseko zili pululu, anthu atathawamo onse. Kunalibe galu, kunalibe nkhuku, ngakhale khwangwala. Pakati pa bwalo panali miyala ikuluikulu yofika padenga la nyumba, yomwe inatsika ndi madzi, itangokhala ngati yabwera kudzaonerera mpira. Nkhungu inkayenda pakati pa miyalayo chapansipansi. Phiri silinkaoneka, koma unkalimva kuti lili pompa, lakuweramira. Unali usana, koma usana wake wosadalirika.

Ine ndinaima chapatali ndi anzanga, phukusi nditaligwirizira kutsogolo. Ndipo mu bata limenelo linamveka bwinobwino.

Psssss.

Linasiya. Linayambanso. Psssss.

A Jailosi anatembenuka, anayang'ana phukusi, anayang'ana ine. Sanaloze, sananene kanthu. Anangovula chipewa ndi dzanja lawo labwino lija, n'kuyamba kubwerera chafutambuyo mpaka anakaima kuseri kwa mayi wina woyembekezera.

Asilikali anakwawa pansi pa ndege, anatsegula timakomo ta m'mbali, anaunika ndi matochi, anapaka zala m'mapaipi. Sanapeze dontho. Woyendetsa ndege anatsika akupukuta manja.

"Sindiidzutsa ndege iyi ndisanadziwe komwe mafutawo akuchokera," anauza sajeni, ife tikumva. "Ndipo nkhungu iyi ikatseka zenizeni, sitichoka pano lero."

Ndinaba kuyang'ana kumachira. Apongozi ankanjenjemera, milomo itatuwa, thukuta lili pamphumi ngakhale kunkazizira. Sajeni anatukula nsalu ya pamwendo, anayang'ana, n'kuibwezera msangamsanga. Kufulumira kumeneko kunandiopsa kuposa kupuma kwa phukusi.

Kamphepo kanadutsa, ndipo ndinazindikira kuti fungo la palafini lomwe ankalisaka mu ndege lili pomwe ndaima ine. Ndinagwira buluku mobisa, ndinanunkhiza chala. Abale, chimwemwe chomwe ndinamva! Sindinadzinyowetse! Ndinatsala pang'ono kufuula kuti aliyense amve. Koma chimwemwecho chinali chachifupi, chifukwa mutu unamaliza kuwerengera. Ndege ilibe vuto. Vuto ndalikumbatira ine. Ndikanena, ndaphwanya lamulo la apongozi, ndaphwanya lamulo la phiri, ndipo sajeni analonjeza kuti amene amupeze nacho amusiya pomwe wamupezerapo, kutanthauza pano, pakati pa miyala iyi. Ndikapanda kunena, apongozi agona panja ndi mwendo umenewo.

Ndinayenda mpaka kwa sajeni.

"Bwana, tandiuzireni apongozi anga kuti ndikupempha kumasula phukusi lawo."

Anandiyang'ana kuchokera kumutu, maso n'kuima pabuluku. "Apongozi anu si awa agona apawa? Auzeni nokha."

"Sizitheka, bwana. Kwathu sitichita."

Pomwepo apongozi, maso ali chitsinzinire, analankhula ndi ndege. "Wina awauze akamwini amasule. Koma asaswe galasi."

Ndinaliika pa mwala wina wafulati. Zala zanga, zomwe zimalowetsa ulusi pasingano ndisanavale magalasi, zinalephera mfundo mpaka ndinaimasula ndi mano, palafini n'kundilowa m'kamwa. Anthu onse anasendera chammbuyo. Pamwamba panali chipewa chakale cha ulonda. Pansi pake panali nyali ya galasi, ija ya chogwirira cha waya, yodzaza mafuta. Pambali pake kabotolo ka palafini kotseka ndi chitsononkho, chitsononkhocho chitazuka, kabotolo katatsala pang'ono kutha. Bokosi la machesi, lonyowa. Ndipo pansi penipeni, botolo lalikulu lapulasitiki la thobwa, litafufuma ngati mimba ya mbuzi yodya chinangwa, likutulutsa mpweya pachitsekero. Psssss. Chimanga chitanyowa n'kumera m'matumba kusukulu kuja, amayi anapanga chimera n'kuphika thobwa, ndipo ili linali litagonera mpaka kusanduka china. Mzimu wa bambo ake a Esinati unali umenewo.

Sajeni anagwira m'chiuno. Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza.

"Zovala basi?"

"Chipewacho ndi chovala, bwana."

(Mpaka lero sindidziwa chinandilankhulitsa.)

"Mukudziwa kuti mwafungatira chiyani ulendo wonsewu? Palafini wotayika, machesi, ndi botolo loti liphulike nthawi iliyonse. Ndi anthu onsewa m'katimo." Anatembenukira kumachira. "Mayi, nyali ya chiyani kuchipatala? Kuli magetsi."

Apongozi anatsegula maso. Sajeni si mkamwini wawo, ndiye anamuyankha mwachindunji, ndi mawu otopa.

"Mwananga, abambo a kunyumba kwanga anapita kuphiri uku. Chipitireni, dzuwa likalowa ndimayatsa nyali yawoyi n'kuiika pawindo, kuti tsiku lomwe adzatsike asasochere. Windo lapita ndi madzi. Tsopano mukunditengera ku boma. Akatsika andipeza bwanji?" Anayang'ana botolo lija. "Thobwalo ndi la akamwini. Kuchipatala gadiyani samupatsa chakudya."

Palibe anaseka. Ine zaka zonsezi ndinkaona kuwala pawindo lawo madzulo, ndinkangoti ndi nkhalamba yoopa mdima. M'nyumbamo sindinalowemo, ndikanadziwa bwanji? Koma thobwa lija linandipweteka kuposa nyali.

Sajeni anakanda kumutu. Mawu anafewa, koma lamulo silinafewe. Anati chilichonse chomwe palafini wachikhudza sichikwera: nyali, kabotolo, machesi, chipewa, chitenje chomangira. Kenako maso ake anatsikanso.

"Nalonso."

"Chiyani, bwana?"

"Bulukulo. Ndi zam'kati zomwe. Musambe miyendo pachithaphwi icho. Apo ayi mutsala nalo."

Ndisanameze zimenezo, apongozi anadzutsa mutu. "Nyali ikatsala, inenso nditsala. Ndisiyeni pompano, pitani ndi enawa."

Sajeni anawachonderera. Mayi woyembekezera uja anawachonderera. A Jailosi anayesa m'Chilomwe. Iwo anangotembenuzira nkhope kuphiri losaonekalo. Woyendetsa ndege anali atakwera kale, akuyang'ana nkhungu, akuyang'ana ife. Nyumba za kumapeto kwa mzere zinali zitabisika.

Ndiye ndinachita chomwe ndinali ndisanachitepo chikwatirireni. Ndinagwada pamatope pambali pa machira, ndipo sindinasake mtengo kapena mwala woti ndilankhule nawo.

"Amayi," ndinatero, mawu akutuluka ngati a munthu wina. "Nyaliyi tiisiye pamwala apa. Pano ndi pansi pa phiri penipeni, ndi pafupi ndi iwo kuposa kuchipatala. Akatsika ayamba kuiona pompano. Msewu ukatseguka ndibwera ndi miyendo yanga kudzaitenga. Koma inu mukatsala, akadzatsika apeza nyali yopanda woyatsa."

Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso. Ali ndi maso ofiirira, aang'ono, ofanana ndi a mwana wanga wamkazi, ndipo ine sindinkadziwa. Kenako anasolola chitenje chapamwamba chomwe anafunda, cha maluwa achikasu, n'kundipatsa m'manja.

"Valani ichi, bambo. Musawachedwetse anthu."

Sajeni anatenga machesi n'kukawaponda m'matope. Botolo la thobwa analitengera patali n'kulitsegula pang'onopang'ono atatembenuza nkhope, komabe linapenga, thovu n'kuwaza mwala wonse. A Jailosi anagwedeza mutu mokhutira. "Bola eni ake alawako," anatero.

Ine ndinapita kuseri kwa mwala waukulu. Kuvula buluku pamalo ngati amenewo si masewera. Msana wonse unkandiuza kuti wina akundiyang'ana, ndipo sindinatembenuke kuti ndimuone. Ndinasamba miyendo m'madzi ozizira ngati a mufiriji, ndinamanga chitenje (mfundo yake inandivuta, ife amuna timangoona akazi akumanga timayesa n'zophweka). Buluku ndinalipinda bwinobwino motsata mzere wake, chifukwa telala ndi telala. Ndinaliika pamwala wafulati uja, chipewa pamwamba pake, nyali pambali. Tikunyamuka ndinayang'ana pazenera. Zinthu zitatuzo zinaoneka kamphindi, nkhungu n'kuziphimba.

Ku boma tinatera pabwalo lodzaza anthu odikira abale awo, ambiri mafoni ali m'mwamba. Esinati anabwera akuthamanga, akulira, anagwira mayi ake kumaso. Kenako anatembenuka kuti andikumbatire, n'kuima. Anayang'ana malaya anga, chitenje cha mayi ake, masokosi ndi nsapato zakuda. Misozi ikutsika choncho, mapewa anayamba kugwedezeka.

"Inu," anatero, "buluku lili kuti?"

"Ndikuuza kunyumba."

"Nyumba yake iti?"

Mwendo sanaudule. Adokotala anati tinafika pa nthawi yake, ndipo lero apongozi amayenda ndi ndodo, amapita okha kumunda kukathyola nandolo. Atangotuluka m'chipatala tinabwerera ku ulemu wathu wakale ngati palibe chinachitika. Mtengo wa mango uja madzi anausiya, ndipo unayambiranso ntchito yake.

Msewu utatseguka ndinasunga lonjezo. Ndinakwera kabaza mpaka pomwe njinga inakanira, kwinako wapansi kudutsa m'tiyi. Pamalopo ndinapafika dzuwa lili pamutu, kumwamba kuli mbee, koma bata linali lomwe lija. M'nyumba zija anthu anali asanabwereremo. Mwala wafulati ndinaupeza. Nyali inali pomwe ndinaisiya, osasuntha. Chipewa panalibe. Buluku panalibe.

Mukhoza kunena kuti wakuba anadutsa, inenso ndimadziuza choncho. Koma wakuba wanji wotenga buluku lonunkha palafini n'kusiya nyali yabwinobwino? Ndipo nyali ija ndinaisiya yodzaza, galasi lili loyera. Ndinaipeza youma, chingwe chitapserera, galasi lili bii ndi mwaye. Sindinaloze. Sindinanene kanthu. Ndinainyamula ndi manja awiri, ndipo njira yonse yobwerera sindinacheuke.

Kunyumba ndinafotokozera Esinati, Esinati n'kukafotokozera mayi ake, ine nditakhala chakumbali ndikuyang'ana nyerere. Ndinkayembekeza kulira. Apongozi anapukuta galasi lija ndi nsonga ya chitenje, pang'onopang'ono, kenako ndinamva akuseka, kaphwete kakang'ono komwe ndinali ndisanakamvepo. Anatembenukira kumtengo wa mango.

"Ndiye kuti bulukulo lawakwana," anatero. "Anapita ndi kabudula wong'ambika kumbuyo. Zaka zonsezi chimandipweteka n'chimenecho."

Kenako anapitiriza ndi mtengo womwewo.

"Wina awauze akamwini kuti Juni ali pafupi, kuphiri kumazizira. Jekete ya nsalu yomwe ija ingachite bwino."

Phunziro ndinalitenga, musaganize kuti ayi. Malamulo a sajeni uja ndimawatchula pamtima, ndipo aliyense wobwera pakhonde panga ndimamuuza kuti katundu wosamanga wekha usamuvomere pamaso pa msilikali, ngakhale akhale wa apongozi. Ndimanena zimenezi ndi mawu amphamvu ndithu. Koma ku Limbe ndinapita, nsalu ya phulusa ndinaipeza, ndipo jekete ili pamakina, yangotsala mabatani. Anzanga akafunsa kuti ndi ya ndani, ndimati ndi ya kasitomala wa kumtunda. Muyeso sindinavutike nawo. Ndinangodziyeza ndekha.